Makutu mu Mtsuko wa a Haddou

Khoma la pakati pa ife ndi alamu anga a Haddou ndi lopyapyala, moti wina akatsokomola uko, kuno timadzidzimuka. Madzulo a Lachinayi lija ndinkakanda ufa wa buledi, mwana ali kumsana, pamene ndinamva akazi awo, a Rkia, akunena kuti zinthuzo zichoke m'nyumba mwawo lero lomwe, atopa nazo.

Kutopa tinali titatopa tonse. Chilala chinali m'chaka chachisanu ndi chimodzi. Ng'ombe tinagulitsa kalekale pamtengo wolira nawo, chifukwa msika wa ku Azrou unadzaza ndi ziweto zochokera kunja zobwera pa sitima zapamadzi. Kenako boma linaletsa kupha nkhosa zazikazi, n'kuziveka ndolo zachikasu kukhutu. Barele wodyetsa ziweto wotsika mtengo munthu ankalandira malinga ndi ndolo zimene woyendera ziweto wapeza m'khola mwake.

Ndiye kunayamba zoopsazo. Kukacha, munthu ankapeza nkhosa yake itaima pakona, khutu la ndolo litadulidwa, magazi osatuluka ngakhale dontho. Agalu sankauwa. M'khola munkatsala fungo la ubweya wopserera ndi lubani, ndipo pakatha masiku atatu nkhosayo inkagona osadzukanso. Ife tinataya ziwiri mwa zisanu, mkaka wa mwana n'kuchepa. Anthu anayamba kuloza chala a Touda, mzamba wamasiye amene anandibereketsa, ati amafukiza lubani ndipo alibe chiweto choti adandaule nacho. Amuna a m'mudzi anapangana kuti Lachisanu, mawa lake la tsiku lija, akatuluka mu mzikiti, akawasasulire denga n'kuwapirikitsa. Wokuwa kwambiri pa zimenezi anali a Haddou.

Kuseri kwa khoma a Haddou ankanyengerera akazi awo kuti apirire mpaka Lolemba, woyendera akadutsa. Apa m'pamene ndinamva zonse. Nkhosa zawo zazikazi anagulitsa mobisa kwa opha nyama, ndolo n'kupita nazo limodzi. Tsopano ankafuna ndolo za eni kuti aveke nkhosa zokalamba zimene anatola motchipa. Mankhwala otseka agalu pakamwa anakatenga kwa mayi wina wa ku Khenifra.

"Inu bambo a Sfia, nzeru zanu n'zofanana ndi za nkhosa zomwezo," anatero a Rkia. "Ndolo iliyonse ili ndi nambala, ndipo nambalayo ili pa dzina la mwini wake. Mwamaliza ziweto za mudzi wonse chifukwa chosadziwa kuwerenga."

"Tsitsa mawu, mkazi iwe."

"Nditsitsire ndani? Makutu anuwa akumva kale."

Anapitiriza kudandaula kuti makutuwo sakuola mu mtsuko umene akuwasungamo, akadali ofunda. Ukati uchotse ndolo, khutu limakupiza ngati likuingitsa ntchentche. Munthu akayankhula, onse amatembenukira kumene kukuchokera mawu. Anati ngakhale kupemphera akulephera m'chipinda chimenecho.

Ndinasiya kukanda ufa. Amuna anga ali ku minda ya ku Spain. Denga limene ndimagonamo ndi la alamu angawo, chitsimenso n'chawo. Nditaulula mawa pa mzikiti, ndingalowere kuti ndi mwana? Nditakhala chete, a Touda agona kuphiri, m'chisanu chimenechi. Ndili mkati moganiza, mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Ndinamukokera kutsogolo n'kumutseka pakamwa ndi bere, koma ndinali nditachedwa.

Ndinamva chivundikiro cha mtsuko chikuchotsedwa.

"Taonani," anatero a Rkia motsitsa. "Makutu onse aloza kukhoma."

Mwana ankamveka akumeza. Kenako a Haddou anafunsa, ndi mawu awo a masiku onse, kuti kodi ine mlamu wawo ndatsala ndi nkhosa zingati.

"Zitatu," anayankha a Rkia.

"Zitatu," anabwereza a Haddou. "Ndi mwana."

Ndinamva mphasa ikuyalidwa, mbale ya mphodza ikuikidwa pansi, buledi akunyemedwa. A Haddou anati Bismillah, ndipo awiriwo anayamba kudya.