Dzina Limene Lillian Anakhwacha

Lillian Daka anachoka pa sukulu ku Ndake mwezi utalowa kale. Msonkhano wa komiti unatalika, ndipo wanjinga yamoto amene analonjeza kudzamutenga sanaoneke. Kwawo kunali kutsidya kwa kamtsinje, ulendo wa ola lathunthu wapansi, ndipo njila inali imodzi yokha, yodzela pa ulalo.

Ulalo womwewo ndiwo unawachedwetsa pa msonkhano. Tsiku lotsatila kunayenela kuchitika mwambo wovundukula mwala wa chikumbutso cha azimayi amene anamanga ulalowo mu 1993, posenza miyala ndi mchenga pamutu kuti thonje lizituluka m'midzi, ndi kuti apakati azifika kuchipatala m'dzinja. Lillian, mphunzitsi komanso mlembi wa komiti, ndiye anasonkhanitsa maina. Anapeza makumi awili ndi anayi. Wozokota pa mwala anati malo angokwana makumi awili ndi atatu. Lillian anayendetsa chala papepala mpaka anafika pa dzina lopanda chiwongo, longoti "Dorika wa ku Mozambiki". Analikhwacha. Palibe amene anafunsa.

Mphepo ya mu Julaye inali kuliza mapesi ouma m'minda. Lillian anadzifunditsa chitenje, nayatsa tochi ya pa foni. Agalu a m'midzi anauwa, kenako analeka onse pamodzi.

Atayandikila ulalo anaona kuti pulasitiki yakuda imene anakutila mwala wa chikumbutso ili pansi. Malegeni omangila anali omasulidwa bwinobwino. Patsogolo pa mwalawo panaima mayi wamfupi, atasenza chimwala pa nkhata.

"Mwachoma bwanji, amai?" anatelo Lillian.

Mayiyo sanatembenuke. "Aphunzitsi, ndiwelengeleniko apa. Ine kusukulu sindinapondeko."

Lillian anafuna kupitilila, koma anaima. Anaunika pa mwala wa chikumbutso nayamba kuwelenga. Mildred Sakala. Hellen Njobvu. Bernadette Mumba. Pa dzina lililonse mayiyo ankayankha chapansipansi, "Ameneyo tinali naye."

Kenako Lillian anamva kudontha. Tho... tho... tho...

Anatsitsa tochi. Chitenje cha mayiyo chinali kukha madzi. Pansi pa ulalo panali mchenga wokhawokha. Mvula inaleka mu Malichi.

Anamaliza dzina lomaliza mothamanga.

"Pitilizani," anatelo mayiyo.

"Atha, amai."

"Atha..."

Ngakhale mapesi analeka kulila.

"Basi ndituleni, aphunzitsi. Khosi linayamba kale kundiwawa."

Lillian sanadziwe chimene chinakweza manja ake. Anagwila mwala umene unali pamutu pa mayiyo. Unali wozizila, wotelela ndi ndele. Chala chake chinakhudza dzanja la mayiyo. Linali lofewa ngati chinangwa chimene chagonela m'madzi. Foni inapendekeka, kuwala kunagwela pankhope...

M'maso munali mchenga. M'kamwa munali mchenga.

Mwala unapulumuka. Phi!

Patsogolo pake panalibe munthu.

Anathamanga. Nsapato imodzi inatsala pa ulalo. Kumbuyo kwake kunali mkokomo wa madzi osefukila, ukukula, ukumulondola. Sanacheuke. Anagwa. Anadzuka. Anathamanganso.

Nyumba yoyamba kutsidyako inali ya a Francisco, mkulu wolima thonje amene anabwela ndi othawa nkhondo a ku Mozambiki ndipo sanabwelelenso kwawo. Lillian anamenya chitseko ndi manja onse awili mpaka mkuluyo anatsegula, akufufuza mphuthu ndi dzanja, pakuti maso ake anachita ng'ala.

"Ndani usiku uno?"

"Ndine Lillian, bambo, mphunzitsi. Pa ulalo pali mayi. Wasenza mwala, ndipo zovala zake zanyowa."

Za maina aja sananene.

A Francisco anakhala pansi pakhomo pomwepo, pang'onopang'ono.

"Wamfupi? Wa mawu a kwathu?"

"Inde, bambo."

Pamene mkuluyo anayamba kulankhula, mawu ake anali osakweza, ngati akunena za mbewu.

"Ameneyo ndi mlongo wanga, Dorika. Sindinu woyamba kumuona. Ulalo utatsala pang'ono kutha, mu Febuluwale, mvula inagwa kumapili, kuno kuli dzuwa. Anzake anali atawoloka kale. Iye anali pakati pa mtsinje ndi mwala pamutu pamene madzi anafika. Tinafunafuna masiku asanu ndi limodzi. Tinangotola nkhata."

Lillian anagwila chipupa.

"Zaka zoposa makumi atatu, mwana wanga, alibe manda," anapitiliza a Francisco. "Ndiye nditamva kutchalitchi kuti mukulemba maina, ndinatumiza uthenga kuti musamuiwale. Ndinati mwina akaona dzina lake pa mwala, adzatula, agone."

Anatembenuzila nkhope kumene kunali kupuma kwa Lillian, namwetulila pang'ono.

"Jekete ndachapitsa kale. Mailo m'mawa pa mwambo mudzandigwile dzanja, aphunzitsi, mudzaike chala changa pamene mwamulemba."