Yankho Lopanda Funso

Lachinayi m'mawa, Sajeni Bernadette Ducharme anaima pakhomo la kachipinda ka makompyuta ku kampani ya malole, kofi ali m'manja, chipale chofewa chikusungunuka pa nsapato zake. Pansi panagona a Elmer Loewen, mkulu wosamala makina, mutu utang'ambika kunkhongo. Pambali pawo panagwa seva, chibokosi chakuda chimene mauthenga onse a pakati pa ofesi ndi madalaivala ankadzeramo. Munthu ndi makina ake, onse ali zii.

Mayi ameneyu, inu, anakalambira m'upolisi, koma nkhope yake inali ya munthu wogulitsa makeke kutchalitchi. Akuba ambiri ankaulula asanazindikire kuti ayamba kufunsidwa.

"Wawapeza ndani?"

"Ine, Sajeni," anayankha Garth Pylypiw, yemwe ntchito yake inali kuuza malole kopita.

"Anali ndi adani?"

"Elmer? Mdani wake anali fumbi basi. Koma dzulo Wendell Sinclair anamugwira pakhosi pomwe pano. Tonse tinaona."

Nkhani ya Wendell tauni yonse inkaidziwa. Mng'ono wake Elias anamira ndi lole mwezi wathawo, pa msewu wodutsa pa nyanja youndana. Kampani inati anawoloka mwaliuma ayezi atapyapyala, popanda womuuza. Foni yake inapita naye pansi. Lolemba lotsatira a boma ankayenera kubwera kudzafufuza.

Garth anapisa manja m'thumba, n'kuwatulutsanso. "Sajeni, ndili ndi malole pa nyanja panopa, ndipo sindingawauze kanthu. Mundilole ndidzutse seva ina. Elmer amasunga bakapu m'kabatimo, makope a mauthenga onse. Mawu achinsinsi ndikuwadziwa."

Nanga akanakana bwanji, anthu ali pa ayezi? Anamulola. Garth anagogoda kompyuta thukuta lili kamukamu, ngakhale m'chipindamo munkazizira ngati m'firiji. Dzuwa lisanakwere, mafoni anayamba kulira m'matumba a anthu. Mauthenga anabwerera, madalaivala anayamba kutukwana monga mwa masiku onse.

Pansi pa tebulo apolisi anatola gulovu ya Wendell. Masana Wendell anali atakhala kale m'chipinda chofunsira mafunso, chimunthu chachikulu chodzaza mpando.

"Munawagwira pakhosi a Elmer?"

"Kolala, mayi, osati khosi. Mkulu uja anali ndi khosi loti munthu n'kugwira?"

"Chinavuta n'chiyani?"

"Ndimafuna andionetse mauthenga a Elias. Akuti dikira Lolemba. Dikira! Mwana uja ankaopa ayezi kuposa mmene ndimaopera apongozi anga. Sakanawoloka popanda womutuma."

"M'mawa uno munali kuti?"

"Kunyumba, ndi galu."

"Galuyo angalumbire m'khoti?"

"Atha kulumbira, koma ndi wabodza."

Ducharme anaseka, koma anamutsekera ndithu. Akuluakulu ake anati mlandu watha: gulovu ilipo, mkwiyo ulipo, mboni ndi galu. Pofika Lolemba Wendell akanakhala woimbidwa mlandu wakupha, ndipo dzina la Elias likanasowa wolilankhulira.

Koma mayiyu anali ndi khalidwe lowerenga za eni ake. Anabwerera ku kampani kuja, n'kutsegula tsamba la ulendo womaliza wa Elias, poti ulendo uliwonse unali ndi tsamba lake lokambiranapo dalaivala ndi a ku ofesi. Elias analemba kuti: "Ayezi akulira kwambiri kuno. Ndibwerere?" Pansi pake panali Elias yemweyo: "Chabwino bwana, mwatero ndinu. Ndikuwoloka."

Anaitana Garth ndi kachala.

"A Garth, tandithandizani, ine maso anakalamba. Mnyamatayu akuti mwatero ndinu. Watero ndani? Kodi ankalankhula yekha ngati wakumwa?"

"Kaya. Kuzizira kumasokoneza mutu, Sajeni."

"Zoona. Nanga makope a mwezi watha ali m'kabatimo?"

"Mulibe. Elmer ankafufuta zakale."

Mawu amenewo Ducharme anawanyamula osawataya, mpaka kukhitchini kwa mayi Agatha Loewen, mkazi wa malemu Elmer, amene anamulandira maso ali psuu ndi mbale ya supu.

"Kufufuta? Elmer?" Mayiwo anagwetsa supuni. "Munthu wosunga mano ake a paubwana m'botolo? Amene wakuuzaniyo akudziwa Elmer wina."

Anakwera pa mpando, n'kutsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Munali madisiki awiri osungira makope a seva, okulungidwa m'masokosi.

"Zibwenzi zake izi. Lachisanu lililonse amabwera ndi china, china n'kubwerera nacho kuntchito. Ankati kope logona chipinda chimodzi ndi seva si kope, moto ukabwera zipsera limodzi. Ine ndinkati, bambo, mukanandisamala chonchi ine bwenzi ndili mtsikana. Koma ichi," anatola cha m'sokosi yofiira, "chilowereni Elias m'madzi sanachibwezenso. Anati chisakhudzidwe."

Madisikiwo anapita kwa mayi Harpreet Gill, katswiri wa apolisi wa zamakompyuta, mayi wosalankhula pogwira ntchito ndiponso wosathamangitsidwa. Ducharme anayesera.

"Chemwali, si kungotsegula basi?"

"Sajeni, kakhaleni uko."

Anakakhala, n'kumaonerera. Aa, koma ntchito ija inali yokoma kuiona! Poyamba Gill anakopera disiki iliyonse pa ina yatsopano, oyambirirawo n'kuwamata m'thumba, kuti pasadzapezeke loya wonena kuti apolisi anaikamo zawo. Kenako anakonza kompyuta yopanda kanthu, yosalumikizidwa kwina kulikonse, n'kuyamba kuthiramo kope lija. Linafika pakati, n'kukana. Ducharme mtima unagwa. Gill sanatukule ngakhale chikope. Anati pulogalamu yake ndi yatsopano kuposa kopelo, zili ngati kuveka agogo buluku la mdzukulu. Anafunafuna pa disiki pomwepo, ndipo anapeza kuti malemu aja anasunganso pulogalamu yakale yomwe, ndi malangizo ake, sitepe ndi sitepe.

"Bambo awa," anatero Gill motsitsa mawu, "ankayeserera kubwezeretsa mwezi ndi mwezi. Anthu ambiri amangosunga, n'kudzadziwa tsiku la tsoka kuti anasunga mphepo. Ndikanakonda kuwadziwa."

Anayambiranso. Ulendo uno zinalowa zonse mpaka kumapeto. Anatsegula tsamba la Elias, ndipo pakati pa funso ndi yankho paja panatulukira mzere umene unasowa. Anabwezeretsanso disiki yachiwiri, ya Lachisanu lapitalo, ndipo namonso munatuluka kanthu.

Loweruka m'mawa Garth anakhala pa mpando uja anakhalapo Wendell. Iye sanaudzaze.

"A Garth, maso anga aja achira," anatero Ducharme, akuvala magalasi. "Tamverani. 'Ayezi akulira kwambiri kuno. Ndibwerere?' Ndiye wina akuti, 'Usandichititse manyazi iwe, woloka. Ayezi ndayeza ndekha.' Dzina lake Garth Pylypiw. Munayeza?"

Garth anayang'ana khoma.

"Palinso kauthenga ka a Elmer aka, kolembera inu. 'Garth, uthenga unafufuta uja ine ndili nawo. Ukanene wekha Lolemba, ndi bwino kuposa kuti ndinene ine. Bwera Lachinayi tisanatsegule, tikambirane.' Pa seva munadzutsa inu ija kameneka palibe. Kanapita kuti?"

"Zimenezi mwazitenga kuti? M'kabati muja ndina..." Anadziluma lilime, koma mochedwa.

"Munatani m'kabati muja, bambo? Malizani, ine sindithamanga."

Mapewa a Garth anagwa. Analankhula nkhope ili m'manja.

"Sindinayeze. Katundu anali atachedwa, ndinkaopa kuoneka wolephera. Lole itamira ndinafufuta uthengawo tsiku lomwelo. Elias tinkasewera naye limodzi masewera a hoke pa ayezi, Sajeni. Ana ake amanditcha amalume. Ndikanawayang'ana bwanji?"

"Ndiye Lachinayi?"

"Ndinamupempha Elmer afufute makope akale. Ndinagwada, ine. Anati akhoza kundiperekeza kwa a boma, kundigwira dzanja, koma kufufuta ayi. Ndinalimbirana naye kiyi wa kabati. Ndinamukankha, anamenyetsa mutu pa shelefu ya chitsulo, seva n'kugwa naye. Ankapumabe. Sindinaitane ambulansi. Ndinadikira."

"Kenako munandipempha ine chilolezo chokafufuta umboni, ine n'kukupatsani."

"Malole analidi pa nyanja."

"N'chifukwa chake ndinakulolani. Nanga gulovu ya Wendell?"

"Anaigwetsa yekha dzulo lake. Ndinangoikankhira poonekera."

Ducharme anavula magalasi, n'kuitana wapolisi wa pakhomo.

Ducharme anakamutsegulira yekha Wendell m'chitokosi. Chimunthu chija chinamvetsera zonse chili chiimire, osaphethira. Kenako chinafunsa ngati chingaone mzerewo ndi maso ake. Gill anatembenuza kompyuta. Wendell anawerenga akutsata ndi chala chake chonenepa, kuyambira pa funso mpaka pa yankho.

"Anafunsa," anatero. "Mwaona, mayi? Anafunsa kaye."

"Anafunsa, bambo. Lolemba boma limva zimenezo."

Wendell anavala chipewa chake, n'kuchivulanso.

"Maliro a mkulu uja ndi liti? Bokosi lake ndikanyamula nawo, ngati mayi Loewen angandilole."