Netiweki ya ku Sandwe

Dorika anali ndi kashopu pafupi ndi pokwerera mabasi ku Nyimba, pakati pa amayi ogulitsa nthochi ndi okonza njinga. Ntchito yake inali yotsitsa nyimbo ndi mafilimu pa intaneti n'kumaikira anthu m'mafoni.

Tsiku lina masana panafika mwamuna wamtali, wovala shati yoyera bwino ngati sanayende pafumbi.

"Asisi, mundiikileko nyimbo za kwaya basi yanga isananyamuke."

Dorika anayang'ana pakompyuta n'kuusa moyo.

"Pepani bambo, lelo intaneti ikukwawa. A kampani amati bandulo yanga ilibe malile, koma ndikatsitsa zinthu zambili amaichepetsa mphamvu mpaka mwezi uthe."

"Ndidikila."

"Basi ikusiyani."

"Ipite. Mabasi ndi ambili pamsewu uno, koma maso ngati anuwo sindinawaonepo kuchoka ku Chipata mpaka ku Luangwa."

Dorika anaseka, nkhope ataibisa kuseri kwa kompyuta. Basi inapitadi. Pamene nyimbo zinkatha kulowa, awiriwo anali atadya nthochi limodzi ndipo anali atapatsana manambala. Dzina lake anali Wilbroad Daka, ndipo anati ndi mlangizi wa zaulimi ku Sandwe, kutali uko kolowera kuchigwa.

Kuyambira tsikulo foni ya Dorika sinkapuma.

"Wadzuka bwanji, duwa langa la ku Nyimba?"

"Lelo ndaphunzitsa alimi kubyala soya, koma pakamwa panga pamafuna kutuluka dzina lako lokha."

Wilbroad ankabwera mwa apo ndi apo, makamaka Loweruka. Ankakhala pabenchi ya m'shopumo, atagwira dzanja la Dorika, n'kumalonjeza.

"Mvula ikangotha ndituma amalume anga kwanu ku Msanzala. Iwe ndiwe mkazi wanga, Dorika. Wina kulibe, ndipo sadzakhalako."

Dorika anakauza amayi ake. Mayiwo anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana, ndipo mwana wawoyu anamulera okha ndi khasu. Atamva nkhaniyo analulutira mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba.

Chinkamuwawa Dorika chinali chimodzi. Wilbroad akapita, sankatheka kumuona nkhope. Akamuimbira pavidiyo, foni inkangolira pang'ono n'kuduka. Pakapita nthawi meseji inkafika.

"Wokondedwa, ine ndakwela pachulu, kuno netiweki ikugwila bwino. Vuto ndi intaneti yako ija. Watsitsanso mafilimu ambili eti?"

Akanatsutsa bwanji? Si iye yemwe anamuuza tsiku loyamba lija kuti a kampani amamuchepetsera mphamvu? Dorika anadziimba mlandu. Anayamba kukana ntchito zazikulu. Wofuna filimu ankamubweza, wofuna masewero aatali aja a zigawo zambiri ankamuuza kuti akayese kwina, zonsezi pofuna kusunga mphamvu ya intaneti kuti Lamlungu akachoka kutchalitchi aone nkhope ya wokondedwa wake.

Makasitomala anayamba kupita kushopu ya kutsidya kwa msewu. Keziah, mnzake wogulitsa nthochi, analephera kupirira.

"Iwe Dorika, shopu ikufa iyi! Ukuthamangitsa anthu chifukwa cha mwamuna amene ngakhale kwawo sunapondeko?"

"Ku Sandwe misewu ndi yoipa, Keziah. Akuti adzanditenga kukauma."

"Nanga n'chifukwa chiyani anzako a kwaya ya kutchalitchi umaonana nawo pavidiyo bwinobwino?"

"Aja ali pafupi. Sandwe ndi kutali."

Keziah anangopukusa mutu n'kubwerera ku nthochi zake.

Lamlungu linafika, foni inaduka. Lamlungu lina, inadukanso. Dorika analira atakhala pansi m'shopu yopanda anthu. Kodi chikondi chake chife chifukwa cha kampani yopanda chifundo? Ayi! Anaganiza zopita yekha ku ofesi yawo ku Petauke kuti akawauze maso ndi maso.

Muofesimo anapeza anthu ambiri, ndipo anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wina woyembekezera, wankhope yansangala. Mayiyo anasendera kuti ampatse malo.

"Ine ndine Consolata. Nanunso akuchepetselani?"

"Eee amai. Ndine Dorika, ndachokela ku Nyimba."

"Kutali konseko! Ife tikhala pompano, kuseli kwa msika. Koma kwathu wolakwa ndimamudziwa. Amuna anga akangofika kuchoka kushopu ya feteleza kumene amagwila ntchito, basi mpila, mafilimu, kutsitsa osaleka. Manje intaneti yafooka, ndikulephela ngakhale kuonana ndi mng'ono wanga wa ku Lusaka."

Dorika anaseka koyamba pa masiku ambiri. Mtima unamasuka, ndipo anafotokoza zake zonse: za chibwenzi chake cha ku Sandwe, za chulu, za makasitomala amene anawataya.

"Mayo, mwana iwe!" anatero Consolata akumugwira paphewa. "Ameneyo ali ndi mwayi. Akadzakukwatila akusamale."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Munalowa mwamuna atanyamula rauta, kabokosi ka intaneti ya kunyumba, m'manja, zingwe zikulendewera.

"Amake Febian, ndabwela nayo. Afika pati pamzele?"

Mawu amenewo! Dorika anatukula mutu. Anali Wilbroad.

Dorika anangomuyang'ana ali pabenchi pomwepo.

"Awa ndiwo amuna anga aja, a Daka," anatero Consolata mokondwa. "Atate ake Febian, apatseni moni asisi awa. Vuto lawo ndi ngati lathu."

Wilbroad anatambasula dzanja, maso ali kukhoma.

"Ndakondwa kukudziwani."

Kukudziwani? Munthu amene ankamutcha duwa lake? Munthu amene amayi ake ku Msanzala ankamutchula kale kuti mkamwini? Dorika sanalandire dzanjalo. Anatulutsa foni yake n'kuimba pavidiyo monga ankachitira Lamlungu lililonse.

Foni inalira m'thumba la shati ya Wilbroad. Manja ake anali ndi rauta, ndipo asanaiike pansi, Consolata anali ataitulutsa kale foniyo kuti amuthandize.

"Ndi a Abraham a feteleza," anatero Consolata akuwerenga dzina limene linaoneka pafoniyo. "Aja mumawadulila foni masiku onse. Ayankheni lelo, n'kulakwa kumangowakana."

Anadina. Pagalasi la foniyo panaoneka nkhope ya Dorika, yowala bwino, yosadukaduka, misozi ikutsika m'masaya.

Consolata anayang'ana foniyo. Anayang'ana mtsikana amene anakhala naye pabenchi. Kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Ku Sandwe," anatero Consolata motsitsa mawu. "Pachulu."

"Amake Febian, dikila ndifotokoze. Dorika, wokondedwa, si mmene..."

"Musanditchulenso choncho!" Dorika anakuwa. "Shopu yanga ndaipha chifukwa cha inu! Ndinkatukwana kampani, ndinkadzitukwana ndekha, pamene inu munali pampando kunyumba kwanu, n'kumadula foni ndi chala chanu! Ndinakulakwilani chiyani, Wilbroad?"

Wilbroad anangoima ndi rauta yake ngati mlendo wosochera.

Dorika anathamangira panja. Atafika pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu anamva wina akumuitana. Anali Consolata, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba.

Dorika anagwada pafumbi pomwepo.

"Amai, ndikhululukileni. Mulungu ndi mboni, sindinadziwe."

"Nyamuka. Ukanadziwa sukanandiuza zonse zija ukuseka." Consolata anamudzutsa n'kumupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje chake, pamene misozi yakenso inali itayamba kugwa. "Suli woyamba, mwana wa amai. Koma ndiwe woyamba amene ndamuona ndi maso."

Anayenda limodzi mpaka pamene panaima minibasi ya ku Nyimba. Dorika atakhala pawindo, Consolata anamugwira dzanja.

"Pita bwino. Iwe ukalila, tsiku lina udzaiwala. Ine ndikubwelela naye kunyumba imodzi."

Minibasi inanyamuka. Dorika anatembenuka n'kuona mayiyo ataima yekha padzuwa, osasuntha, mpaka anabisika ndi fumbi. Analira njira yonse, ndipo sanadziwe ngati akudzilirira yekha kapena akulirira Consolata.