Ndowa ya Nebert pa Uvuni wa Mayi Efelo

Pakhomo pa a Zikhale, kuseri kwa Area 4, tsiku linkayamba ndi pemphero. Bamboyo ankasamalira maluwa panyumba ina yaikulu ku Area 43, ndipo poti ulendo wake unali wapansi, ankatsogolera pempherolo nsapato zili kale kuphazi. Akazi awo, a Naphiri, ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Chuma analibe, koma mwana wawo Nebert sanagonepo ndi njala, ndipo kusukulu dzina lake ndilo linkayamba kutchulidwa chaka ndi chaka.

Zinali zaka zija boma linkasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Malole ankangoti uyu wapita uyu wabwera, fumbi lofiira lili koboo, ndipo midzi ina inachotsedwa kuti padutse misewu ya likulu latsopano. Mmodzi mwa osamutsidwawo anali mayi Efelo, wamasiye wa mwendo wolumala. Malo anapatsidwa, koma wowamangira nyumba panalibe, choncho ankagona m'chisakasa cha udzu kuseri kwa tchalitchi. Nebert ndiye ankawatungira madzi Loweruka lililonse, popanda womutuma. Tinene chilungamo, mwanayu anali ndi mtima wabwino chisanamulowe chimene chinamulowacho.

Lamulungu lina a Chikaonda, mkulu wa mpingo, anaimirira ndi chilengezo.

"Mpingo wagwirizana kuti mwana mmodzi wa Sitandade 8 timulipirire fizi ya ku sekondale mpaka adzamalize. Mmodzi yekha. Mayeso akhoze, inde, koma tiyang'ananso manja ake. Wathandiza ndani pakati pathu pano?"

Nebert anatchera khutu. Ankadziwa kuti malipiro a bambo ake sangafike ku sekondale ngakhale atawakoka bwanji. Popanda thandizo limeneli, sukulu yake inali itathera pomwepo. Koma sanade nkhawa. Wina ndani angamupose?

Wina uja analipo. Dzina lake anali Percy, mwana wa mesenjala wa boma amene anali atangosamuka kumene kuchokera ku Zomba. Anali mnyamata wansangala, wa nsapato zopolisha, ndipo iye ankatchula aliyense kuti achimwene. Atangowaona mayi Efelo m'chisakasa muja, anapita kwa a Chikaonda.

"Bambo, mvula ikadzagwa amayiwa adzagona pati? Ine kuumba njerwa ndimatha, anandiphunzitsa amalume anga. Anzanga akandithandiza, tingawamangire kanyumba."

A Chikaonda anawomba m'manja pamaso pa ana onse. "Mwaona? Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ife tonse timangodutsa pano osaganiza zimenezi."

Kalumo kameneko kanamucheka Nebert mumtima.

Ntchito inayamba. Poweruka kusukulu ana ankaponda dothi, Percy n'kumaumba ndi chikombole, njerwa n'kumandanda padzuwa. Nebert ankapita nawo, koma nkhope ili ndwii. Mayi Efelo akati, "Percy mwanawe, Mulungu akudalitse," iye ankamva ngati amutukwana. Madzi aja anasiya kutunga. Amayiwo ankadzikoka okha kupita ku mpope ndi kachitini, iye n'kumayang'ana kumbali.

Madzulo ena anabwera kunyumba n'kuponya makope pansi.

"Anthu a ku Zombawa atilanda zonse! Nyumba zabwino ndi zawo, ntchito ndi zawo, tsopano afunanso fizi yanga. Ine ndatunga madzi chaka chonse, palibe anandiwombera m'manja."

Bambo ake anali akutsuka mapazi m'beseni. Anamuyang'ana n'kumufunsa.

"Kodi unkatungira a Chikaonda kapena unkatungira mayi Efelo?"

Bambowo anapukuta mapazi n'kupitiriza.

"Mwana wanga, ine ndimalowa ku Area 43 wapansi, eni ake akutuluka pa galimoto. Ndikanati ndiziwawidwa mtima ndi galimoto iliyonse yondipitirira, bwenzi nditafa kalekale. Nsanje imayamba kudya mwini wake. Uyu Percy sanakubere kanthu."

"Inu ababa simungamvetse," anatero Nebert, n'kutuluka panja.

"Iwe!" anakuwa a Naphiri. "Bambo ako ukuwayankha chotero? Chakulowa n'chiyani?"

Chinamulowacho chinapeza bwenzi. Kumunsi cha ku mtsinje kunali mnyamata wina wamkulu dzina lake Lemson, amene anasiya sukulu kalekale ndipo ankaotcha njerwa zogulitsa kwa omanga nyumba. Lemson ankayembekezera kuti mpingo ugula njerwa kwa iye, ndiye ntchito ya anawo inamunyansa. Anamuona Nebert akuyenda chozyolika ndipo anamukodola.

"Aise, ndamva kuti ka ku Zomba kaja kakudyera fizi."

"Sikanandidyere ayi."

"Kakudyera basi. Nyumba ija ikangoima, iwe uiwale za sekondale. Udzabwera kuno uzidzandipondera dothi." Lemson anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Koma nyumba imaima ndi njerwa. Uvuni ukapsa, amamata makomo ake onse ndi dothi kuti uzizire pang'onopang'ono. Wina atangoboola khomo limodzi n'kuthiramo madzi usanazizire, njerwa zimathetheka ngati mbale zadothi. Onse adzati kamwana kaja kanangodzitama, kuotcha sikadziwa."

"Zimenezo si tchimo?"

"Tchimo? Ukupha munthu ngati? Ndi dothi chabe, aise. Shuwa, ukufuna mlendo adye chako iwe mwini mudzi uli pomwepo?"

Nebert anachoka osavomera. Koma sanakanenso.

Uvuni unaotchedwa mu Juni, mwera ukuwomba, mayeso atatsala pafupi. Azibambo a mumpingo anathandiza kuponya zipika, ndipo Loweruka Percy anamata makomo onse bwinobwino. M'mawa mwa Lamulungu Nebert anagwira pamimba.

"Amayi, m'mimba mukundipota. Pitani, ine ndigone."

A Naphiri anamugwira pamphumi. "Thupi silikutentha. Nebert, tandiyang'ana. Ngati pali china chikukuvuta, kutchalitchi ndiko koyenera kupita nacho."

"Ndati m'mimba, amayi."

Anamusiya. Nyimbo yoyamba itamveka, Nebert anatenga ndowa ya amayi ake, anaidzaza pampope, n'kuzemba kudzera m'maudzu mpaka pa uvuni, kuseri kwa tchalitchi. Pamalopo panalibe munthu, ngakhale mayi Efelo anali atalowa m'tchalitchi. Anaboola dothi la khomo limodzi ndi mtengo. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso, ndipo pamenepo akanatha kubwerera. Koma m'tchalitchimo anamva mawu a Percy akutsogolera nyimbo, ndipo magazi ake anawira. Anagwada, anasendeza ndowa pakhomo paja, n'kukhuthula yonse.

Chimene Lemson sanamuuze n'chakuti madzi akagwera pamoto wotero sakhalanso madzi. Nthunzi inatuluka ndi mkokomo, phwaa! Inamupeza dzanja lamanja lili pakamwa penipeni pa uvuni. Nebert anagwa chagada. Kukuwa kunafika pakhosi, koma anadziluma mlomo, chifukwa akanakuwa mpingo wonse ukanatuluka. M'kati mwa uvuni njerwa zinali kulira thethethe. Anatola ndowa ndi dzanja lamanzere n'kuthawa.

Dzanjalo linatuluka matuza kuyambira kuzala mpaka pamkono. Apa ndi pomwe tchimo limaonetsa nkhanza zake. Munthu wopsa ndi moto amathamangira kwa amayi ake, koma Nebert sakanatha kutero, chifukwa chilondacho chinali mboni. Anang'amba malaya akale, anakulunga dzanjalo, n'kuvala juzi ya manja aatali. Kunja kunkazizira, ndiye palibe anadabwa. Pakudya ankati alibe njala. Kusukulu ankakhala kumbuyo, dzanja lili m'thumba, n'kumanama kuti cholembera chatayika.

Uvuni utaphwasulidwa, mbali yonse ya khomo lija inali zidutswa zokhazokha. Zotsala sizikanakwana ngakhale chipinda chimodzi. Mayi Efelo anakhala pansi n'kulira. Nebert anaima patali, kudikira kuti amve Percy akunyozedwa. Koma Percy anavula chipewa pamaso pa a Chikaonda.

"Khomo ili linatseguka, bambo. Mwina sindinamate bwino. Pepani. Ndiyambiranso mawa, mvula ikadali kutali."

"Mayeso ali pafupi, mwanawe."

"Ndiziwerenga ndikaweruka kudothi."

Azimayi anayamba kululutira. Nebert anali atapsa dzanja kuti mnzake anyozeke, koma taonani, akumutamanda kuposa kale!

Anathamangira kwa Lemson, kumuonetsa dzanja lija. Lemson anagwira mphuno.

"Iii, chotsa apa zimenezo! Ine ndinakugwira dzanja? Ndinangokamba nkhani, iwe n'kukachita. Ukangonditchula, sindikukudziwa."

Chilonda chobisa sichipola. Chinayamba mafinya, mkono unatupa, thupi linatentha. M'mawa wina a Naphiri akusesa m'chipinda chake anaima chilili.

"Muno mukununkha chiyani? Nebert, vula juziyo."

"Kukuzizira, amayi."

"Ndati vula!"

Ataona chimene chinali pansi pa nsanza zija, anakuwa mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Bambo Zikhale sanapite kuntchito tsikulo. Anamubereka kumsana mwana wamkulu ngati ameneyo, kuthamanga naye kuchipatala. Adokotala anapukusa mutu.

"Mukanabwera naye tsiku lomwelo, bwenzi ili nkhani yaing'ono. Munali kuti?"

Mkono anaupulumutsa, koma zala ziwiri zinali zitaola ndipo anazidula. Zotsalazo zinauma chopindika. Tsiku limene anzake ankalowa m'chipinda cha mayeso, Nebert anali chigonere, akuyang'ana kudenga.

Madzulo a tsikulo kunabwera a Chikaonda pamodzi ndi Percy, atanyamula nthochi. Makolo a Nebert anali atawauza kuti mwana wapsa, koma chomwe chamuotcha iwonso sankachidziwa, chifukwa akamufunsa ankangolira.

"Achimwene, pepani kwambiri," anatero Percy. "Pampando panu panali popanda munthu, mpaka ine mayeso sanandikomere."

A Chikaonda anakhala m'mphepete mwa bedi n'kupuma mozama.

"Zandipweteka, Nebert. Akuluakulu tinali titagwirizana kale kuti thandizo lija ndi lako. Bambo ake a Percy ali pantchito ya boma, anatiuza okha kuti ayesetsa kumulipirira. Timangodikira kuti ukhoze mayeso. Tsopano sunalembe, ndiye tichita bwanji?"

Nebert anayang'ana dzanja lake lomangidwa nsalu. Chinthu chimene anachitira zonsezi chinali chake kale, ndipo anachithira madzi ndi dzanja lake lomwe. Analira kulira kwa munthu wamkulu, kochokera pansi pa mtima.

"Ndine, bambo. Uvuni uja ndinaboola ndine. Ndinathiramo madzi kuti Percy achite manyazi."

A Naphiri anaphimba nkhope ndi chitenje. Bambo Zikhale anaimirira n'kukagwada pamaso pa Percy, mwana wamng'ono ngati ameneyo.

"Mwanawe, tikhululukire. Njerwa zimenezo ndidzaumba ndine."

Percy anawadzutsa msanga, misozi ili m'maso. Kenaka anatembenukira kwa Nebert.

"Ine ndinkayesa ndinu mnzanga, achimwene. Ndakukhululukirani, koma zandiwawa. Ndipo amene munawalakwira kwenikweni si ine. Ndi amayi aja akugona pamphepo."

Atatuluka m'chipatala, Nebert anaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuulula, kenaka anakagwada kwa mayi Efelo. Anamukhululukira. Koma kukhululukidwa sikumeretsa zala. Thandizo la fizi linapita kwa mtsikana wina amene ankasamalira odwala, ndipo mpingo unati sungathe kulipirira wachiwiri mpaka ameneyo adzamalize. Percy anapita ku sekondale ndi thukuta la bambo ake. Bambo Zikhale ankati akaweruka ku Area 43, miyendo itatopa kale ndi ulendo, n'kukalowanso m'dothi kuumba njerwa za mlandu wa mwana wawo. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Nyumba ya mayi Efelo inafoleredwa mvula yoyamba itawanyowetsa kale.

Nebert anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo chaka chotsatira anakhoza mayeso bwino lomwe. Dzina lake linatuluka pa osankhidwa kupita ku sekondale. Koma womulipirira panalibe. Tsiku limene anzake ankakwera basi ndi masutikesi awo, iye anali mumsika, akuthandiza amayi ake kuunjika tomato.

Ana inu, mverani. Mnzanu akamatamandidwa, sindiye kuti chanu chachepa. Nsanje idzakunong'onezani kuti mukulanga mnzanu, koma choipa chitsata mwini. Mukaimva ikuyamba kutentha mumtima, thamangirani kwa makolo anu ndi kwa Mulungu, muinene isanafike m'manja. Nebert anainena mochedwa, sukulu ndi zala zitapita kale.