Sitima Imene Inachedwa ku Pusan

Chimene chinadzutsa Mal-sun chinali lipenga. Linalira pakati pa usiku ngati ng'ombe yodwala, chonsecho padoko la Pusan panalibe sitima, ndipo nyali zonse zinali zozima chifukwa cha nkhondo.

Liwulo ankalidziwa. Linali la sitima yakale ya malasha ija, imene Ajapani anabwera nayo iye ali kamtsikana. Zaka zonsezi inkaolotsa anthu kupita ku migodi ya kutsidya kwa nyanja, mabwana ali m'mwamba, eni dziko atapanikizana pansi pafupi ndi moto. Wosonkhezera motowo anali mwamuna wake, Gap-su. Tsopano panali patapita masiku sitimayo osaoneka. Ku ofesi ya padoko ankangoti yachedwa. Msodzi wina amene ananena kuti waona nsapato za ana zikuyandama panyanja anatengedwa ndi apolisi, ndipo anthu anasoka pakamwa.

Usiku wotsatira lipenga litangoleka, kunamveka mapazi. Anali anthu ambiri, osalankhula, akukwera kanjira kotsetsereka ka m'mudzimo, madzi akuchucha m'zovala. Kunamveka kugogoda apa, kugogoda apo. Kutacha, amayi pachitsime ankanong'onezana kuti nkhalamba ina inatsegula chitseko, ndipo anaipeza itakhala pakhomo, itauma, pakamwa podzaza mchenga.

Mal-sun anaitana mlamu wake Bok-nyeo, mchemwali wa Gap-su, kuti adzagone naye. Mal-sun anagoneka mwana wake Yong-i pakati pawo. Mdima unali wandiweyani, nkhungu ikulowa m'ming'alu ya khoma ndi fungo la malasha onyowa. Mapazi aja anafika, ena n'kupitirira, koma a munthu mmodzi anaima pakhomo.

"Make Yong-i," linatero liwu lotopa, "tsegula. Ndazizidwa."

Mal-sun anadzambatuka, koma Bok-nyeo anamugwira dzanja zolimba.

"Mlamu, munthu wamoyo sabwera chonchi."

"Ndi achimwene anu amenewo."

"Ndawamva. Nanga mwanayu mumusiyira ndani?"

Kenako liwu lija linanena pang'onopang'ono kuti silikufuna kulowa, likungopempha kuona mwana. Mal-sun analuma bulangete kuti asayankhe. Anamva chikhatho chikusisita thabwa la chitseko kuchokera m'mwamba mpaka pansi, kenako mapaziwo anatsika kulowera kunyanja.

Kutacha, Mal-sun sanadye tsiku lonse. Madzulo anapereka mwana kwa Bok-nyeo, nawauza kuti akagone kwawo. Anaphika mpunga, anakoleza moto wambiri kuti m'nyumba mufunde, anatsegula chitseko n'kukhala pakhomo.

Gulu lija linabwera. Sanaone munthu, koma anamva kuzizira kukumudutsa pamaso, ndiponso kakhanda kakulira pamsana pa wina. Anaitana dzina la mwamuna wake mpaka mawu anasasa. Palibe amene anaima.

Nkhondo inatha, Ajapani anapita osanena pamene sitimayo inamira. Yong-i anakulira kwa azakhali ake. Mayi ake sanagonenso usiku, ndipo ngakhale m'nyengo yachisanu chitseko chawo sichinatsekedwenso.