Mtambo, Kagalu Kosamva

Panali mtsikana wina amene kwawo ankamutcha Maloto. Silinali dzina lake lenileni, koma linamukhala. Maloto ankalota m'mawa. Ankalota masana. Ankalota ngakhale ali maso.

"Maloto, madzi aja ali kuti?" Amayi ankafunsa.

Ndowa inali itadzaza kalekale pampopi. Mwini wake maso ali kumwamba.

Maloto ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Mtambo apeze khomo labwino.

Mtambo anali kagalu. Bambo ake a Maloto ankaweta agalu. Tiagalu tikakula pang'ono, Bambo ankatigulitsa. Imeneyo inali ntchito yawo. Khola linali kuseri kwa nyumba. Bambo ankalisesa m'mawa uliwonse. Ankatsuka mbale za agalu. Ankawapesa ndi bulashi yakale.

Ulendo umenewu kunabadwa tiagalu tisanu. Tinayi tinali tofiirira. Kamodzi kanali koyera mbee. Koyerako ndiye Mtambo.

Masana Maloto ankagona chagada pakapinga. Mtambo ankagona pamimba pake. Mitambo inkadutsa kumwamba pang'onopang'ono.

"Taona, uyo ndi mkulu wako," Maloto ankatero. "Wamchira wautali uyo ndi azakhali ako."

Mtambo sankayankha. Ankangopuma fuu, fuu, ali wofunda bwino.

Koma pakhomopo Mtambo anali ndi mbiri yoipa.

Bambo ankaimba likhweru. Fyoo! Tiagalu tinayi tinkathamanga. Mtambo ayi.

"Kagalu aka ndi kosamva!" Bambo ankatero.

Amayi ankakuwa. "Mtambo, choka pa zovala zangazo!" Mtambo osasuntha.

"Kagalu aka ndi kosamva!" Amayi ankatero. Kenako ankayang'ana Maloto. "Kanatengera mwini wake."

Mawu amenewa ankamupweteka Maloto. Wosamva ndi mwana wamwano. Wosamva ndi mwana wopulupudza. Mtambo sanali wotero.

Tsiku lina Bambo anabwera ndi thabwa lalikulu. Anabweranso ndi penti ndi kabulashi.

"Maloto, tabwera udzalembe chikwangwani," anatero Bambo. "Zilembo zanga zimatsamirana ngati zatopa."

Maloto anaviika kabulashi mu penti.

"Lemba kuti: Tikugulitsa ana agalu asanu."

Maloto analemba.

"Lemba kuti: Onse analandira katemera."

Maloto analemba. Zinali zoona. Adokotala a ziweto anabwera sabata yatha.

"Lemba kuti: Onse ndi omvera."

Maloto anaima. Penti inadontha pachala chake.

"Mtambo nayenso, Bambo?"

"Akaphunzira kumene akupitako. Iwe lemba."

Maloto analemba. Bambo anakhoma chikwangwani pageti. Anachijambula ndi foni. Anatumiza chithunzicho kwa anthu ambiri.

M'mawa mwake pageti panaima galimoto yaikulu. Munatsika bambo wa mawu aakulu. Akalankhula, mawindo ankanjenjemera. Mumtima mwake Maloto anawatcha a Chimawu.

"Ndaona chikwangwani chanu," anatero a Chimawu. "Ndikufuna galu womvera. Ndikaitana kamodzi, azibwera."

Anayang'ana tiagalu tonse. Analoza Mtambo.

"Woyerayu ndi wokongola. Iwe! Bwera kuno!"

Mtambo ankasewera ndi tsamba. Sanatembenuke.

"Palibe kanthu," anatero a Chimawu. "Kwanga kuli ndodo. Akamva ndi imeneyo. Ndidzamutenga Loweruka."

Maloto anachita mantha kwambiri.

Masana amenewo Maloto sanalote. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mkulu wake wa Mtambo. Kunalibe azakhali ake. Mitambo inali mitambo basi.

Tiagalu tonse tinagona pakhonde. Amayi ankatsuka mapoto chapafupi. Mwadzidzidzi chivundikiro chinagwa pasimenti. Ngwengwerere!

Tiagalu tinayi tinadzidzimuka. Tinathawira kukhola. Mtambo anagonabe. Khutu lake silinagwedezeke.

Maloto anadabwa. Anapita kumbuyo kwa Mtambo. Anawomba m'manja. Phwa! Mtambo anagonabe.

"Mtambo!" anaitana. Mtambo anagonabe.

Maloto anamukhudza pamsana. Mtambo anadzuka, nagwedeza mchira.

Maloto anabwerera m'mbuyo pang'ono. Sanalankhule. Anangomukodola ndi dzanja. Mtambo anathamanga. Anabwera!

Maloto anapita pataliko. Anakodolanso. Mtambo anabweranso!

Maloto anakhala pansi. Anatseka makutu ake ndi zala. Dziko lonse linangoti zii. Masamba ankavina opanda phokoso. Mbalame inkatsegula mlomo, nyimbo osatuluka. Amayi ankangoyendetsa milomo ngati nsomba. Kunali bata, bata lokoma.

"Kodi kwanu kuli chonchi, Mtambo?" anafunsa Maloto.

Mtambo anamuyang'ana m'maso. Nthawi zonse Mtambo ankayang'ana m'maso ndi m'manja.

Maloto anathamangira kukhola. Bambo ankakonza chitseko.

"Bambo! Mtambo samva!"

"Zimenezo tikuzidziwa tonse," anatero Bambo.

"Ayi, Bambo. Si wosamva. Koma samva."

Bambo anaika hamala pansi. "Mwana iwe, wayambanso kulota?"

"Sindikulota. Ndi makutu ake. Sagwira ntchito. Taimbani likhweru muone."

Bambo anaima kumbuyo kwa Mtambo. Fyoo! Mtambo sanatembenuke. Fyoo! Fyoo! Mtambo ankanunkhiza udzu.

Maloto anaima kutsogolo. Anakodola ndi dzanja. Mtambo anabwera akudumphadumpha.

Bambo anakhala pa njerwa. Anagwira chibwano. Anamva chisoni.

"Ndiye kuti ndi wogontha," anatero Bambo. "Ine kumukalipira tsiku ndi tsiku."

"Tisinthe chikwangwani chija, Bambo."

Bambo anakanda mutu. Anakandanso.

"Tikalemba zimenezo, amutenga ndani? Pakhomo pano agalu ndi ambiri kale. Malo atha. Tiye tingokhala chete. Sitinanametu. Tinalemba kuti ndi womvera. Iwe wemwe wandionetsa kuti amamvera."

Maloto anaganiza. Mawu a Bambo anali ochenjera. Koma mumtima mwake sanakhale bwino.

"Amamvera dzanja, Bambo. Abambo aja akamuitana ndi pakamwa. Mtambo sakamva. Iwo akatenga ndodo. Mtambo sakadziwa chimene walakwa."

Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Zilembo zija ndi zanga, Bambo. Ndinalemba ndine."

Bambo anayang'ana Maloto. Anayang'ana Mtambo. Mtambo ankatafuna chingwe cha nsapato yawo.

Bambo anaimirira. "Katenge penti ija," anatero.

Maloto anathamanga. Analemba m'munsi mwa chikwangwani. Analemba zilembo zazikulu.

WOYERAYO NDI WOGONTHA.
MAKUTU AKE SAMVA.
KOMA AMAMVERA DZANJA.
AKUFUNA MUNTHU WOLEZA MTIMA.

Bambo anajambulanso chikwangwani. Anatumizanso kwa anthu onse aja. Kenako anaimbira foni a Chimawu. Anawauza zonse.

"Galu wogontha? Ayi, zikomo!" Mawuwo anamveka mpaka kukhitchini. "Mundipatse wina."

"Pepani, bambo," anatero Bambo. "Agalu anga sapita kokhala ndodo."

Maloto anamva. Anakumbatira mwendo wa Bambo, penti ili m'manja. Buluku la Bambo linada. Amayi anadandaula, koma pang'ono chabe.

Masiku anapita. Anthu ankabwera kudzaona tiagalu. Bambo ankafunsa aliyense mafunso.

"Akagona pati? Akadya chiyani? Akadwala mukatani?"

Aphunzitsi ena anatenga kamodzi. Mayi wosoka zovala anatenga kena. Tiwiri tinapita kwa mlimi wa nkhuku. Mtambo anatsala yekha.

Anthu ankaima pageti. Ankawerenga. Ankapukusa mutu, nkumapita. Penti ya pachikwangwani inayamba kuchita fumbi.

Maloto anada nkhawa. "Mwina ndinalakwitsa, Amayi."

"Sunalakwitse," anatero Amayi. "Chikwangwani chako chikusankha. Chisiye chisankhe."

Maloto anagonanso pakapinga. Mtambo anagona pamimba pake. Kumwamba kunali kamtambo kamodzi. Kankayenda kokha, pang'onopang'ono, ngati kakufuna kwawo.

Kenako kunamveka phokoso mumsewu. Ngwe, ngwe, ngwe! Kunkabwera njinga. Inanyamula ndowa, zidebe ndi mabeseni. Wokwera wake anali bambo wokhoma zidebe. Ankakhala kumapeto kwa msewu. Ana onse ankawatcha a Ngwengwe.

A Ngwengwe anaima pageti. Anawerenga chikwangwani ndi chala. Anawerenganso kachiwiri.

"Odi kuno! Walemba izi ndani?"

"Ndine," anatero Maloto.

"Wati chiyani?"

"NDINE!"

"Eya, uzikweza choncho, mwanawe. Makutu anga anatha ndi hamala."

Bambo anatuluka. Anapereka moni. A Ngwengwe anatsamiritsa njinga pampanda.

"Ndakhalapo ndi agalu atatu," anatero a Ngwengwe. "Onse anandithawa. Ndikangoyamba kukhoma malata, galu liwiro! Wachitatu anasamukira kwa ometa tsitsi. Tikakumana sandipatsanso moni. Tsopano ndimakhala ndekha tsiku lonse. Kodi ndi zoona kuti uyu samva?"

"Ndi zoona," anatero Maloto mokweza.

A Ngwengwe anatenga ndowa. Anaigogoda mwamphamvu. Ngwe! Agalu onse a kukhola anauwa. Mtambo anangoyasamula.

A Ngwengwe anaseka mpaka misozi. "Uyu ndiye mnzanga! Tonse awiri makutu ndi okongoletsa mutu."

Koma Bambo anali ndi mafunso awo aja.

"Mpanda ulipo? Mtambo samva galimoto ikamabwera."

"Ulipo, wamalata. Ndinakhoma ndekha."

"Nanga ndodo muli nayo?"

"Ndowa? Ndili nazo zambirimbiri!"

"NDODO!"

"Ndodo ya chiyani?" anadabwa a Ngwengwe. "Ine ndimamenya malata okha."

Maloto anawaphunzitsa mawu a dzanja.

"Mukatere, ndiye kuti bwera. Mukatere, ndiye kuti khala. Akagona, mumukhudze pang'onopang'ono. Musamudzidzimutse."

A Ngwengwe anayesa. Dzanja lawo linali lalikulu, lokhakhala. Anakodola. Mtambo anabwera. Ananunkhiza zala zawo, nazinyambita.

Mtambo anapita tsiku lomwelo. Anakwera m'beseni, pakati pa ndowa. Maloto analira pang'ono. Analira chifukwa pamimba pake panazizira. Koma mtima wake unali m'malo.

Loweruka lotsatira Maloto anapita kukamuona. Bambo anapita nawo. Amayi anapitanso, akuti akufuna ndowa yatsopano.

Phokoso linawalandira ali patali. Ngwe, ngwe, ngwe! Amayi anatseka makutu. Maloto anatseka makutu.

Kuntchito kwa a Ngwengwe kunali malata ponseponse. Zidebe zinapachikidwa padenga. Sizasi yaikulu inali patebulo. Dzuwa linkawala pa mabeseni atsopano. Kuwalako kunkavina pakhoma ngati madzi.

Pansi pa tebulo panali beseni limodzi. M'besenimo munali bulangete. Pa bulangetepo panagona Mtambo. Hamala inkalira pamwamba pake. Iye ali m'tulo tofa nato. Timiyendo take tinkagwedezeka. Ankathamanga kumaloto.

"Taonani akulota masana," anakuwa Amayi. "Ndinanena ine. Kanatengera mwini wake!"

Maloto anamukhudza pamsana pang'onopang'ono. Mtambo anadzuka. Anadumphira pa Maloto. Mchira unatsala pang'ono kuthothoka.

Bambo anaima chapatali. Anakonza milomo kuti aimbe likhweru. Kenako anakumbukira. Anagwada pansi. Anatambasula dzanja, nakodola.

Mtambo anaona. Anathamanga. Anabwera kwa Bambo koyamba m'moyo wake.

Bambo anamunyamula. Ananena mawu amodzi. Ngwe, ngwe, ngwe! Palibe amene anawamva.

Koma Maloto anaona milomo ya Bambo. Inati, "Pepa."

Mtambo nayenso anaiona. Anawanyambita mphuno.