Dzina Limene Tesni Analiimirira

Tesni anazindikira kuti zinthu zavuta Lachinayi masana, pamene Mayi Bowen, mphunzitsi wamkulu, anatulutsa lupanga m'kabati n'kulipereka kwa Mabon.

Linali lupanga lathabwa lopaka penti wasiliva, ndipo linkatuluka kamodzi pachaka, pa tsiku la Davide Woyera, chikondwerero cha dziko lawo, pamene kasukulu ka m'mudzi wa Cwm Eirin kankachita eisteddfod, mpikisano wake wa nyimbo ndi ndakatulo. Ana onse, omwe sankakwana n'komwe makumi asanu, anali mu holo ya m'mudzi kuyeserera mwambo wa mawa lake. Chachikulu pa zonse chinali kukhazika pampando mwana wopambana pa ndakatulo.

"Chaka chino wonyamula lupanga ndi Mabon," anatero Mayi Bowen. "Palibe choyankhula, mwanawe. Ungoima kumbuyo kwa mpando, ulisolole pang'ono m'chimake, ine ndifunse funso lija, basi wathana nazo."

Mabon anayang'ana masitepe okwerera pansanja ngati akuyang'ana galu wolusa. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Chaka chathacho, pansanja yomweyo, mnyamatayu anaiwala mawu ali pakati polakatula, anangoti njo, kenaka anadzikodzera pamaso pa mudzi wonse. Kuyambira tsiku limenelo anzake anamutcha Buluku Lonyowa. Dzinali linkamveka pabwalo losewerera ndi m'basi, koma osati pamene pali mphunzitsi, moti akuluakulu ankayesa kuti nkhaniyo inaiwalika kalekale. Mabon sanakwerenso pansanja, ngakhale ndi kwaya yomwe.

Tsiku limenelo anakwera, pang'onopang'ono, lupanga atalikumbatira. Ana ena anaomba m'manja.

Vuto linali lakuti pa ndakatulo ya mpikisano sulemba dzina lako lenileni. Umalemba dzina lopeka kuti woweruza asakondere, n'kuponya pepalalo m'bokosi lomata, ndipo bokosilo limapita kwa woweruza osatsegulidwa. Wopambana amadziwika pokhapokha dzina lopekalo likaitanidwa, iye n'kuimirira yekha. Tesni anaivutikira ndakatulo yake kwa milungu ingapo, koma dzina anali asanalipeze mpaka tsiku loponya m'bokosi. Ali chiganizire, pensulo ili kukamwa, Medi, mnzake wa m'kalasi, anamupeza.

Mu sitandade sikisi munali atsikana atatu okha, ndipo wogamula zonse anali Medi. Akakukwiyira Medi, sabata yonseyo chakudya chamasana udya wekha ngati wodwala chikuku. Azichemwali ake awiri anapambanapo mpando, choncho iye ankauona ngati katundu wa kunyumba kwawo amene anangobwereketsa kusukulu.

"Ukudzivutitsiranji ndi dzina loti palibe adzalimve?" anatero Medi. "Amawerenga la wopambana lokha, ndipo wopambanayo ukumudziwa. Lemba kuti Buluku Lonyowa, kankhalamba koweruza kaja kaseke nawo."

"Aaa, Medi, zimenezo ayi."

"Ndinadziwa. Si mwamuna wako uja? Mukamatsika basi limodzi mumaoneka bwino."

Tesni analemba. Medi anaseka mpaka misozi, ndipo sabata imeneyo Tesni sanadye yekha.

Mabon sanali mwamuna wa munthu, koma analidi mnansi. Famu ya kwawo inachita malire ndi ya kwa Tesni, ndipo ali aang'ono ankasewerera limodzi m'mashedi a nkhosa. Tsopano mnansiyo anali atalimba mtima kubwerera pansanja, ndipo dzina lija linali m'manja mwa woweruza.

Poweruka Tesni anatsalira dala, n'kuima pafupi ndi Mayi Bowen amene ankasanja mipando.

"Chavuta n'chiyani, Tesni? Basi ikusiyatu."

Tesni ankafuna kuulula za dzina lija, koma sanalimbe mtima. "Palibe, Mayi Bowen," anatero, n'kuthamangira basi. M'njira monse ankadzilimbitsa mtima kuti apambana ndi Medi. Chibadwire anali asanamufunirepo Medi zabwino ngati tsiku limenelo.

Lachisanu holo inadzaza thothotho. Alimi anasiya nkhosa zobereka m'manja mwa anansi n'kubwera ndi majekete onunkha mvula, aliyense duwa lachikasu la dafodili pachifuwa. Amayi ake a Tesni anabweretsa chitini cha timakeke ta pachiwaya, n'kukhala pafupi ndi amayi ake a Mabon monga mwa masiku onse. Tiana ta kalasi yoyamba tinaimba mosagwirizana, makolo n'kuomba m'manja ngati amva angelo. Tesni sanamve chilichonse. Maso ake anali pa mpando waukulu uja pakati pa nsanja, ndi pa Mabon amene anaima kumbuyo kwake, malaya atapisira bwinobwino.

Kenaka anaimirira woweruza, Bambo Meredydd, mkulu wa imvi wochokera ku tauni ya kuseri kwa phiri, yemwe sankadziwa mwana ndi mmodzi yemwe wa pasukulupo.

"Ndakatulo zabwino zinalipo zingapo," anayamba choncho, "koma imodzi yokha ndi imene inandichititsa kuvula magalasi n'kuwapukuta. Ikunena za kamwana ka nkhosa kobadwira m'chipale chofewa, kopanda make. Wolembayo akuti mnzake anakapeza m'mbali mwa mpanda wamiyala, anakaika m'kati mwa jekete, pachifuwa penipeni, n'kuyenda nako mtunda wonse iye mwini akunjenjemera. Awiriwo anakagoneka m'bokosi pafupi ndi chitofu mpaka kanalira. Wolemba ameneyu ali ndi maso, ndiponso ali ndi mtima wachifundo."

Tesni anazindikira kuti ndakatuloyo inali yake. Atadzutsa mutu anaona kuti Mabon akumuyang'ana. Mnyamatayo anali atalizindikira jekete lake m'ndakatulomo, ndipo ankamwetulira, kumwetulira kwenikweni koonetsa mano kumene Tesni anali asanakuone chaka chonse. Anafika mpaka pomukwezera chala chachikulu mobisa.

"Dzina lake ndi loseketsa ndithu," anapitiriza Bambo Meredydd, akuyandikitsa pepala kumaso. "Lipenga likalira, aimirire Buluku Lonyowa, ndipo aimirire iye yekha."

Lipenga linalira. M'holo munati zii. Kenaka kamnyamata kena ka kutsogolo kanaphulika ndi phwete, ena n'kutsatira, ndipo mitu yonse inatembenukira kwa Mabon. Makolo nawo anakumbukira za chaka chatha, moti ena anayang'ana pansi. Kumwetulira kwa Mabon kunazima. Makutu ake anafiira psuu.

Medi anamutsina Tesni pantchafu. "Usayerekeze kuimirira," ananong'ona. "Palibe adziwe. Khala phee, zitha zokha."

Tesni anakhaladi. Ankaona msana wa amayi ake, ankaona Mayi Bowen atatumbuluka nkhope, ndipo ankafuna pansi patang'ambika kuti alowe.

"Buluku Lonyowa ali kuti?" anaitananso Bambo Meredydd mosangalala, osadziwa chimene akuchita. Ataona kumene maso a anthu onse aloza, anacheuka n'kumuyang'ana Mabon. "Kapena ndiwe, mnyamata wanga? Usachite manyazi."

Chiseko chinakula. Mabon sanathawe. Anangomuyang'ana Tesni, popeza mu holo yonseyo iye yekha, kupatula Medi, ndi amene ankadziwa mwini ndakatuloyo. Tesni anazindikira kuti iye akapitiriza kukhala, dzinalo liitanidwa kachitatu, mwinanso kachinayi, Mabon ali chiimire pomwepo.

Anaimirira.

Chiseko chinatha ngati wina watseka mpopi. Bambo Meredydd anaomba m'manja okha, kenaka analeka ataona kuti palibe akuwathandiza. Amayi ake a Tesni anacheuka, n'kumuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Ana awiri operekeza anabwera monga anaphunzitsidwira, anamuveka mkanjo wofiirira n'kuyenda naye pakati pa mipando. Kanjira kameneko Tesni ankakalota kuyambira ali kalasi yoyamba. Sankadziwa kuti n'kakatali choncho, kapena kuti munthu angakayende akumva kulira kwa nsapato zake zokha.

Pansanja Mayi Bowen anaweramira kwa Mabon. Tesni anamva zimene ananong'ona: "Ukafuna kutsika, tsika. Lupanga ndigwira ndine."

Mabon anapukusa mutu. "Ndimaliza," anatero.

Tesni anakhala pampando. Pamwamba pa mutu wake anamva lupanga likusololoka pang'ono m'chimake, ndiponso ankamva kupuma kwa Mabon.

"Kodi pali mtendere?" anafunsa Mayi Bowen, monga mwambo umanenera.

"Mtendere," anayankha anthu motsitsa, ngati ali pamaliro.

Funsolo limafunsidwa katatu. Tesni anatchera khutu katatu konse kuti amve mawu a kumbuyo kwake, koma Mabon sanayankhe nawo. Lupanga linabwezedwa m'chimake, tiatsikana tinavina gule wa maluwa patsogolo pa Tesni, ndipo iye anapatsidwa kampando kakang'ono kosema koti akasunge kwawo. Misozi inkagwera pamkanjo, ndipo aliyense ankadziwa kuti sinali ya chimwemwe.

M'galimoto amayi ake sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinapweteka koposa. Chitini cha timakeke chinabwerera chosatsegula.

"Mam," anayamba Tesni, "anandiuza ndi Medi kuti..."

"Pensulo anagwira ndi Medi?"

"Ayi, Mam."

"Amayi ake a Mabon ndimakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Undiuze iweyo kuti Lamulungu nkhope ndikaiika pati."

Loweruka m'mawa Tesni ananyamula kampando kaja, anadumpha mpanda wamiyala n'kudutsa m'busa kupita kwa a Mabon. Anamupeza m'shedi akumwetsa kamwana ka nkhosa mkaka wa m'botolo. Mnyamatayo sanadzutse mutu.

"Mabon, pepa. Ndinalakwa kwambiri."

"Unalakwadi."

"Sindinkadziwa kuti ndipambana."

"Ndiye ukanapanda kupambana zikanakhala bwino, eti? Mukanangoseka awiri ndi Medi, ine osadziwa."

Tesni anatula kampandoko pabelo la udzu. "Tenga. Ndakatulo ija ikunena za iwe. Ndi kako."

"Sindikukafuna." Mabon anapukuta kukamwa kwa kankhosa ndi dzanja la juzi lake. "Ena onse akamanditchula dzina limenelija ndinkati n'zachibwana. Iwe sindinakumvepo ukulitchula, ndiye ndinkati ulipo mmodzi wondiganizira." Kenaka anamuyang'ana. "Anaitana Buluku Lonyowa, unaimirira ndiwe. Mudzi wonse unaona. Tenga mpando wako, utengenso dzina lako."

Tesni anabwerera ndi kampandoko kukhwapa. Kunyumba sanakaike pashelefu ya pabalaza pamene bambo ake anali atakonza malo. Anakaika m'chipinda chake, pansi, kuseri kwa chitseko.

Lolemba m'mawa Mayi Bowen anayankhula ndi sukulu yonse, kenaka anaitanira Tesni ndi Medi mu ofesi mmodzimmodzi. Medi anatuluka maso ali ofiira, n'kumulambalala Tesni ngati mtengo. Nthawi ya chakudya Tesni anadya yekha. Atatuluka panja anakakhala pakhoma lalifupi la pabwalo, ndipo chapatali pang'ono panali Mabon, nayenso yekha, akusenda lalanje.

Dzina lozolowereka silifa ndi ulaliki umodzi wa m'mawa. Mpira wa anyamata a sitandade folo unagubuduzika n'kukaima pakati pa awiriwo. Mphunzitsi anali mbali ina ya bwalo, ndipo kamnyamata kaja kamene kanayambitsa phwete mu holo kanaika manja kukamwa n'kukuwa.

"Iwe Buluku Lonyowa, taponya mpirawo!"

Mapewa a Mabon anakwera ngati munthu woyembekezera mbama. Medi ankaonerera, bwalo lonse linkaonerera. Tesni anatsika pakhomapo, anatola mpira n'kupita nawo mpaka pamene panali kamnyamatako.

"Wandiitana?" anatero. "Dzina limenelo ndi langa, ndinalilemba ndekha ndipo ndinaliimirira ndekha. Ukalitchula uziyang'ana ine."

Kamnyamatako kanalandira mpira kukamwa kuli yasa. Wina kumbuyo anaseka, wina n'kubwereza dzinalo moyesa, ulendo uno akuloza Tesni. Linamubaya kuposa mmene ankaganizira, ndipo anadziwa kuti lidzamubaya mawa ndi mkuja, mwina mpaka adzachoke pasukulupo. Mabon anali atalisenza chaka chathunthu.

Tesni anabwerera pakhoma paja. Mabon sanamuyang'ane. Anapitiriza kusenda lalanje lake, mapewa atatsika.

"Buluku Lonyowa!" anakuwanso wina kumapeto kwa bwalo.

"Ndili pano," anayankha Tesni.